Mafunso ndi mayankho: kampeni za kadyedwe kabwino komanso zomwe ana achisodzera amadyadi

Awa ndi mafunso amene makolo, aphunzitsi ndi azaumoyo amafunsafunsa nkhani ikakhala ya kadyedwe ka ana amene angoyamba kusinkhuka. Ena ndayankha mwachidule, ena ndatambasula chifukwa ndi pomwe pagona nkhani yonse.

Tikamati ana achisodzera tikunena azaka zingati, nanga bwanji kuwapatula paokha?

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limawerenga msinkhu umenewu kuyambira zaka 10 kufika 19, koma apa tikukamba kwambiri za chigawo choyambacho, zaka 10 mpaka 14. Nthawi imeneyi thupi limakula mothamanga kuposa nthawi ina iliyonse kupatula ukhanda, atsikana amatalika kwambiri cha m'ma 11 ndi 12, anyamata amachedwako pang'ono cha m'ma 13 ndi 14, nde mumangodabwa yunifolomu ya chaka chatha yathina kale, nsapato sizikulowanso. Pafupifupi theka la kulimba kwa mafupa komwe munthu adzakhale nako moyo wake wonse kumamangidwa mzaka zachisodzerazi, magazi akuchuluka, minofu ikukula, atsikana ayamba kusamba. Zonsezo zimafuna chakudya chenicheni osati chongodzaza mimba basi.

China nchoti apa ndi pomwe mwana amayamba kudzisankhira. Wazaka 6 amadya zomwe mwamuikira m'mbale. Wazaka 12 ali ndi kandalama kake mthumba, amapita yekha kusukulu, ali ndi anzake amene mawu awo amalemera kuposa anu, pena ali ndi foni, nde gawo lalikulu la zomwe amadya patsiku inu simuliona nkomwe.

Vuto lake ndi chani kwenikweni? Ana si amadya chilichonse n'kumakula bwinobwino?

Amakula inde koma kakulidwe kake kasintha. Kafukufuku wamkulu amene anatuluka mu magazini ya zaumoyo ya The Lancet mu 2017 anaonetsa kuti ana azaka 5 mpaka 19 onenepa mopitirira muyezo anali 11 miliyoni mu 1975, pofika 2016 anali 124 miliyoni. WHO inati mu 2022 ana amsinkhu womwewo olemera thupi kuposa mlingo woyenera anapitirira 390 miliyoni. Ndipo musaganize kuti ndi nkhani ya mayiko olemera okha ayi, lipoti la UNICEF la 2019 linati mmayiko osauka ndi apakatikati, achinyamata apasukulu 42 mwa 100 aliwonse amamwa zakumwa za gasi zotsekemera kamodzi kapena kuposa patsiku, 46 mwa 100 amadya zakudya zogula zokonzeratu mwachangu zija kamodzi kapena kuposa pasabata.

Koma mbali inayo sinathenso. Ana owonda, opinimbira, ochepa magazi akadali ambirimbiri, ndipo chomwe chimandidandaulitsa ine nchoti mavuto awiriwa amatha kukhala mkalasi imodzi, mnyumba imodzi, olo mthupi limodzi. Mwana atha kukhala wonenepa koma magazi ake ali ochepa chifukwa mimba ikudzaza ndi shuga ndi mafuta pomwe ayironi, kashiyamu ndi mavitamini sakupezeka.

Nde kampeni zophunzitsa za kadyedwe zimathandizadi kapena ndi kungotaya ndalama?

Zimathandiza mbali imodzi, mbali inayo zimalephera kawirikawiri. Zomwe akafukufuku akhala akupeza mobwerezabwereza nzoti maphunziro amawonjezera zomwe ana akudziwa, apa palibe kukayika, koma zomwe ana akudya zimasintha pang'ono chabe ndipo kusinthako kumakonda kuzilala pakapita miyezi ingapo ngati china chilichonse chozungulira mwanayo chakhala chimodzimodzi.

Taganizirani kalasi itangomaliza phunziro la kadyedwe. Aphunzitsi afunsa kuti tizidya chani, kalasi yonse iyankha mokweza kuti masamba ndi zipatso, afunsa kuti shuga wambiri amatani, manja ali m'mwamba aliyense akudziwa yankho, pakhoma pali posita yokongola ya mbale yodzaza zamitundumitundu. Belu la buleki lilira. Mwana uja atuluka ali ndi njala yeniyeni, ali ndi mphindi zochepa, mkantini ndi pageti zomwe zilipo ndi tchipisi, mabisiketi, maswiti ndi zakumwa zamitundu yowala, anzake onse akugula zomwezo, chipatso chija cha paposita palibe amene akugulitsa kapena chilipo koma chodula kuposa maswiti. Mukuganiza kuti agula chani? Mwanayo sanaiwale phunziro, mutamufunsa ali ndi tchipisi mkamwa akuyankhani molondola ndithu.

Nchifukwa chake ine ndimati ana ambiri amsinkhu uwu amadziwa kale kuti chabwino nchiti, chomwe akusowa ndi chifukwa chowagwira mtima lero lino komanso chakudya chabwinocho chili pafupi pamtengo woti angakwanitse. Kampeni zomwe zimaoneka kuti zikuphula kanthu ndi zija zimene zimagwira mbali zingapo nthawi imodzi, phunziro mkalasi, kusintha zogulitsidwa pasukulu, makolo kutengapo gawo, ana kuphika ndi kulawa okha, ndipo zimatenga nthawi yaitali osati tsiku limodzi la zikwangwani, nyimbo ndi matisheti kenako aliyense kwawo.

Bwanji kumuuza kuti adzadwala shuga kapena mtima sikumuopsa?

Chifukwa kwa mwana wazaka 13 zaka 50 ndi kutali koopsa, nzosaganizirika. Mbali ya ubongo imene imathandiza munthu kudziletsa ndi kuganizira za mtsogolo imapitirira kukhwima mpaka cha m'ma 20, pomwe mbali imene imakondwera ndi zokoma zapompopompo komanso kuyamikiridwa ndi anzake imakhala itadzuka kale mwamphamvu. Si kupusa ayi, ndi mmene msinkhuwo ulili. Nde uthenga woti dziletse lero kuti udzakhale bwino ukadzakalamba umangomudutsa.

Komanso pamsinkhu uwu mwana amadana kwambiri ndi kulamulidwa ngati kamwana. Mukamulankhula mokhala ngati mukumulalikira amatseka makutu olo zomwe mukunena zili zoona. Bola kumulankhula za zinthu zomwe iyeyo akuzifuna pano, mphamvu pampira, kusawodzera mkalasi, mano osabooka, kutalika bwino.

Ilipo njira imene inayesedwa n'kuoneka kuti yagwira pa ana amsinkhu umenewu?

Ilipo imodzi imene ndimaikonda kwambiri. Akatswiri awiri a ku America, Christopher Bryan ndi David Yeager, pamodzi ndi anzawo anayesa njira ina pa ana a giredi 8 pasukulu ina ku Texas, ana azaka za m'ma 13 ndi 14, zotsatira zake zinatuluka mu 2016 kenako zina mu 2019. Ana ena anapatsidwa zowerenga za masiku onse zija, zofotokoza ubwino wa kudya bwino pathupi. Ena anapatsidwa nkhani yolembedwa ngati ya mtolankhani wofukula zobisika, yofotokoza mmene makampani ena a zakudya amakonzera zinthu zawo kuti munthu azingozifunabe, mmene amalembera mawu osocheretsa pamapaketi kuti chinthu chioneke chopatsa thanzi, komanso mmene amalunjikira dala ana ang'onoang'ono ndi anthu osauka potsatsa malonda. Mu kafukufuku wachiwiriyo anawo anapatsidwanso zithunzi zotsatsa malonda pa tabuleti kuti azilembelembe ndi kuzijambulajambula mpaka zinene zoona.

Kenako akatswiriwo sanafunse anawo kuti mukudya chani tsopano, anangoona zomwe ankagula kukantini ya pasukulu kwa miyezi itatu yotsatira. Anyamata amene anawerenga nkhani yofukula ija anachepetsa kugula zakudya ndi zakumwa zosapatsa thanzi ndi 31 peresenti poyerekeza ndi anzawo aja. Kwa atsikana kagulidwe sikanasiyane kwenikweni pakati pa magulu awiriwo, nde si mankhwala ochiza zonse, komanso ndi sukulu ya dera limodzi mdziko limodzi. Koma chomwe chinachitika pamenepo nchachikulu, mtima wokana kulamulidwa uja umene makolo timalimbana nawo tsiku ndi tsiku anautembenuza kuti uloze kwa otsatsa malonda. Mwana amene sangasiye chakumwa chifukwa mayi ake anena atha kuchisiya chifukwa sakufuna kupusitsidwa ndi akuluakulu ena amene akulemera ndi ndalama zake. Njira yofananayo inagwiritsidwapo kale ntchito pa kampeni yolimbana ndi kusuta fodya pakati pa achinyamata imene inayambira ku Florida mu 1998.

Otsatsa malonda ali ndi mphamvu choncho? Nanga boma lingachitepo chani?

Ali nayo, ndipo masiku ano sakudikiranso TV kapena chikwangwani chapamsewu, ali mfoni momwemo, pa YouTube, TikTok, Instagram, mmagemu, pena kudzera mwa anthu otchuka amene mwana amawatsatira ndipo sazindikira nkomwe kuti akumutsatsa malonda. Phunziro la kadyedwe limabwera kamodzi pateremu, zotsatsazo zimabwera tsiku lililonse. WHO inapereka malangizo ochepetsa kutsatsa zakudya zotere kwa ana mu 2010, ndipo mu 2023 inanena momveka kuti pakufunika malamulo okakamiza osati kungodalira makampani kuti adziletse okha.

Dziko limene linapita patali ndi Chile. Kuyambira June 2016 chakudya kapena chakumwa cha mpaketi chimene chili ndi shuga, mchere, mafuta kapena makalori (mphamvu zomwe chakudya chimapatsa thupi) ochuluka kuposa mlingo chimayenera kukhala ndi chizindikiro chakuda cha makona 8 kutsogolo kwa paketi, chachikulu choti olo mwana amachiona. Chinthu chokhala ndi chizindikirocho sichiloledwa kugulitsidwa msukulu, sichiloledwa kutsatsidwa kwa ana osakwana zaka 14, ndipo makatuni aja apamapaketi ndi tizidole toikamo mkati zinaletsedwa. Kafukufuku wa mu 2020 anapeza kuti kugula kwa zakumwa zokhala ndi chizindikirocho kunatsika ndi pafupifupi 24 peresenti. Mexico inayamba msonkho wa peso (ndalama ya dzikolo) imodzi pa lita ya zakumwa zotsekemera mu January 2014, chaka choyamba kugula kunatsika ndi pafupifupi 6 peresenti ndipo kunatsika kwambiri mmabanja osauka. UK ndi South Africa anayamba misonkho yawo mu April 2018, ndipo ku UK makampani ambiri anachepetseratu shuga mzakumwa zawo msonkhowo usanayambe pofuna kuuzemba, kutanthauza kuti ana anayamba kumwa shuga wochepa popanda wina kuwauza kalikonse.

Shuga wambiri ndi wochuluka bwanji? Tiuzeni mlingo weniweni

Malangizo a WHO a 2015 amati shuga wowonjezera asafike gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu zonse zomwe munthu amapeza mchakudya patsiku, kwa munthu wamkulu ndi pafupifupi magalamu 50, masipuni atiyi 12, ndipo amati kutsika kufika magalamu 25 nkwabwino koposa. Kachitini kamodzi ka kola ka mamililita 330 kamakhala ndi shuga pafupifupi magalamu 35, masipuni pafupifupi 9. Apa akuwerengeranso uchi ndi juwisi wa zipatso olo atalemba kuti 100 peresenti, koma shuga wa mchipatso chathunthu ndi wa mumkaka sawerengedwa.

Mukafuna kuti ana amve, musawauze manambala okha. Bweretsani botolo la chakumwa chomwe iwo amakonda, mwana mmodzi awerenge palebulo kuti muli magalamu angati, agawe ndi 4 poti sipuni imodzi ndi pafupifupi magalamu 4, kenako atunge yekha shuga sipuni ndi sipuni kuthira mgalasi yowonekera kalasi yonse ikuwerenga mokweza. Pofika sipuni ya 7 kapena 8 mumamva phokoso likusintha, wina amafunsa ndithu kuti zonsezo zili mmenemo? Funsani ngati alipo angathire wochuluka choncho mkapu imodzi ya tiyi. Sikuti mawa lake onse asiya ayi, koma akuphunzira kuwerenga lebulo ndipo luso limenelo amakhala nalo.

Nanga zija amati zakudya zokonzedwa kwambiri kufakitale ndi ziti?

Ndi zija zimene mukawerenga mndandanda wa zomwe zaikidwamo mumapeza zinthu zoti simungazipeze mkhitchini ya aliyense, zopatsa mtundu, zopatsa fungo, zotsekemeretsa, zofewetsa. Amene anatchukitsa kagawidwe kameneka ndi Carlos Monteiro wa ku yunivesite ya São Paulo ku Brazil kuyambira 2009. Mu 2019 Kevin Hall ku America anasunga akuluakulu 20 pamalo amodzi n'kumawapatsa zakudya zakufakitale zija ndi zakudya zosakonzedwa kufakitale mosinthana, masabata awiri izi masabata awiri izo, aliyense kudya mmene akufunira, ndipo pa zakufakitale zija ankadya makalori pafupifupi 500 owonjezera patsiku. Anali akuluakulu osati ana, koma zikuonetsa kuti zakudyazi munthu amadya zambiri asanamve kukhuta.

Bwanji kampeni zambiri zimalimbikira za atsikana ndi kuchepa magazi?

Chifukwa mtsikana akayamba kusamba amataya magazi mwezi uliwonse pa nthawi yomwenso thupi likukula ndipo likufuna ayironi wambiri. Zizindikiro zake anthu amazitenga ngati ulesi, mwana kutopa msanga, kuwodzera mkalasi, chizungulire akaimirira, mutu kupweteka, kupuma mwawefuwefu atangokwera kachitunda, mkati mwa zikope ndi mzikhatho kuyera. Mwana wotere amakalipiridwa kuti sakulimbikira sukulu pomwe vuto lili mmagazi, izi zimandipweteka kwambiri.

Ayironi amene thupi limamutenga mosavuta ali mu nyama, chiwindi ndi nsomba. Alinso mu nyemba ndi masamba obiriwira koma ameneyu thupi limamutenga movutikirako, nde zimathandiza kudyera limodzi ndi zinthu za vitamini C monga malalanje, mandimu kapena tomato, ndipo tiyi ndi khofi zimatchinga ayironi ameneyu zikamwedwa pamodzi ndi chakudya, bola kudikira ola limodzi kapena kuposa. Kumadera amene kuchepa magazi kuli kofala, WHO kuyambira 2011 imalangiza mapiritsi a ayironi ndi folic acid (vitamini wothandiza kupanga magazi) kamodzi pasabata kwa atsikana ndi amayi amene akusamba, ndipo India ili ndi pulogalamu yaikulu yogawa mapiritsiwa msukulu kwa atsikana ndi anyamata omwe. Apa ndiye pamene kuphunzitsa kumafunikadi, chifukwa mapiritsiwa amatha kuyambitsa nseru ndi chimbudzi chakuda, mukapanda kuwafotokozera ana ndi makolo pasadakhale kuti zimenezi zimachitika ndipo amwe atadya kaye, mphekesera zimayamba ndipo mapiritsi amathera pawindo la kalasi. Kumbukiraninso kuti magazi sachepa chifukwa cha chakudya chokha, malungo, njoka zam'mimba ndi kusamba kwambiri zimachititsanso, nde mwana wokhala ndi zizindikiro zija akayezedwe kuchipatala. Anyamata asasiyidwe kunja kwa phunziroli, nawonso akukula ndipo akamva zoona zake amasiya kuseka anzawo.

Mwana wanga amakana kadzutsa, ndimukakamize?

Yambani mwaona kuti akugona nthawi yanji. Pamsinkhu uwu tulo timayamba kubwera mochedwa mwachibadwa, ukawonjezera foni mbulangete ndiye basi, mmawa amadzuka mutu uli wolemera chilakolako cha chakudya palibe. Akatswiri a tulo amati azaka 6 mpaka 12 azigona maola 9 mpaka 12, azaka 13 mpaka 18 maola 8 mpaka 10. Kukakamiza pa 6 koloko mmawa kumangobweretsa mkangano, bola kumulongedzera kanthu koti adye njala ikamupeza, dzira lowiritsa, nthochi, mtedza, chifukwa akapita chimanjamanja njala ya 10 koloko ija ithera pa maswiti. Koma funsaninso modekha chifukwa chake, ana ena makamaka atsikana amadumpha kadzutsa dala pofuna kuwonda ndipo sanena.

Mwana wanga wanenepa, ndimuuze kuti achepetse thupi?

Chonde apa yendani mosamala kwambiri. Bungwe la madokotala a ana ku America linalangiza mu 2016 kuti makolo asalimbikitse achinyamata kudzimana chakudya, asamakambe za kulemera kwa thupi la mwana kapena lawo lomwe, ndipo asalole zomuseka mwana chifukwa cha thupi lake olo mwanthabwala. Kafukufuku wa nthawi yaitali wa Project EAT ku Minnesota ku America, wotsogoleredwa ndi Dianne Neumark-Sztainer, anatsatira achinyamata kwa zaka zambiri n'kupeza kuti amene ankadzimana chakudya kuti awonde ndi amenenso ankapezeka atanenepa kwambiri patapita zaka, komanso ali ndi mavuto a kadyedwe. Kudzimana kumabweretsa njala yoopsa, njalayo imabweretsa kudya mobisa mopanda malire, kenako manyazi, kenako kudzimananso.

Dziwaninso kuti mtsikana akamatha msinkhu thupi lake limawonjezera mafuta mchiuno ndi mntchafu, ndi chilengedwe chimenecho si matenda, ndipo ana ambiri amayamba anenepa kaye kenako n'kutalika. Mawu amodzi a azakhali kapena a aphunzitsi onena za thupi lake pagulu mwana amatha kukhala nawo mumtima zaka zambirimbiri. Ndipo kampeni imene imayeza ana pasikelo pamaso pa anzawo, kapena kuika chithunzi cha mwana wonenepa paposita ngati chenjezo, ine ndimati imeneyo ikuwononga kuposa kukonza.

Choyenera ndi kusintha zapanyumba ponse osati kumuloza iye yekha, madzi mmalo mwa zotsekemera patebulo kwa aliyense, masamba kwa aliyense, kuyenda ndi kusewera, WHO imati ana azaka 5 mpaka 17 azichita zolimbitsa thupi mphindi 60 patsiku. Ngati mukuda nkhawa ndithu pitani naye kwa azaumoyo amene amayeza molingana ndi msinkhu ndi kutalika kwake. Ndipo mukaona mwana akuwonda mwadzidzidzi, akupeza zifukwa zothawira patebulo, akuthamangira kubafa akangodya, akuwerengetsera chilichonse cholowa mkamwa kapena wasiya kusamba, musadikire, matenda a kadyedwe monga anorexia ndi bulimia amakonda kuyamba pamsinkhu womwewu, amagwira anyamatanso ndipo amapha.

Zakumwa zija amati zopatsa mphamvu, zili bwino kwa ana?

Ayi. Muli kafeini wambiri ndipo zambiri mulinso shuga wambiri, zimasokoneza tulo, mtima umathamanga, mawa lake mwana amadzuka wotopa n'kufunanso china. Lithuania inaletsa kugulitsa zakumwazi kwa osakwana zaka 18 mu 2014, mayiko ena atsatira.

Sukulu ingachite chani choposa kuphunzitsa mkalasi?

Choyamba ione zomwe zikugulitsidwa mkati ndi pageti, chifukwa sizingatheke aphunzitsi kumanena zina kantini ikunena zina. Pakhale madzi akumwa aukhondo aulere, pakhale nthawi yokwanira yodyera. Ogulitsa pageti aja musawatenge ngati adani, nawonso akusaka ya sopo, bola kukhala nawo pansi n'kuona zomwe angawonjezere pa zogulitsa zawo.

Ku Japan anakhazikitsa lamulo la maphunziro a kadyedwe mu 2005, ndipo msukulu zambiri nkhomaliro ndi phunziro palokha, ana amavala maepuloni n'kugawira anzawo chakudya mosinthana, amadyera mkalasi pamodzi ndi aphunzitsi awo chakudya chimodzimodzi, akamaliza amakonza okha. Ku Brazil lamulo la 2009 linati ndalama zosachepera 30 peresenti zomwe boma limapereka za chakudya cha msukulu zizigula kwa alimi ang'onoang'ono, nde ana amadya zatsopano alimi nawo n'kupeza msika. Si sukulu iliyonse ingakwanitse zimenezi, koma kadimba kapasukulu ndi phunziro loti ana aphike okha zimatheka mmalo ambiri, ndipo mwana amene wadula, kuphika ndi kuthira mchere yekha savuta kulawa. Chinanso apatseni anawo utsogoleri weniweni, afufuze okha zomwe zikugulitsidwa, awerenge zotsatsa zomwe amakumana nazo panjira ndi pafoni, apange okha mauthenga ndi mavidiyo, chifukwa mnzake wa kalasi yapamwamba akanena chinthu chimamveka kuposa mlendo wovala taye.

Nanga kunyumba, makamaka ngati ndalama ndi zochepa?

Tisanamizane, kudya bwino kumafuna ndalama. Lipoti la mabungwe a UN la 2024 linati anthu oposa 2.8 biliyoni sanakwanitse kugula chakudya chopatsa thanzi mu 2022, nde kampeni imene imauza mwana kuti azidya magalamu 400 a masamba ndi zipatso patsiku, umene ndi mlingo wa WHO, osaganizira kuti kwawo kuli chani, imangomusiya ndi manyazi. Uthenga uyambire pa zomwe banja lingapeze, nyemba zamitundumitundu, masamba ndi zipatso za nyengo yake, mazira akapezeka, komanso kuona kuti kandalama ka buleki kakupita kuti, poti nthawi zina mtengo wa chakumwa chimodzi ungagule chinthu chokhutitsa.

Zina sizifuna ndalama. Kudyera pamodzi ngati banja TV ndi mafoni zili pambali, akafukufuku aja a ku Minnesota anapeza kuti achinyamata amene amadya ndi banja pafupipafupi amadya masamba ndi zipatso zambiri ndipo amamwa zotsekemera zochepa. Osagwiritsa ntchito maswiti ngati mphotho kapena kumana chakudya ngati chilango. Kumupatsa mwana tsiku lake lophika, wamwamuna ndi wamkazi yemwe. Ndipo inu makolo zomwe mukumwa ndi kudya mwana akuziona, simungamuletse chakumwa chomwe chili mfiriji yanu.

Tingadziwe bwanji kuti kampeni yathu yagwira ntchito?

Osati powerenga matisheti amene mwagawa kapena ana amene anabwera pa tsiku lotsegulira, ndipo osatinso ndi mafunso okha oti mwadya chani dzulo, chifukwa ana akangomaliza kuphunzitsidwa amadziwa yankho limene mukufuna kumva ndipo amakupatsani lomwelo mwaulemu. Onani zinthu zogwirika. Lembani zomwe kantini ikugulitsa pasabata musanayambe kampeni, mulembenso pakatha miyezi itatu, pakathanso isanu ndi umodzi. Suzumirani mbini ya zinyalala buleki ikatha muone kuti mwadzaza mapepala a chani. Ngati pali chakudya chapasukulu onani zomwe zikutsala m'mbale. Ngati mukugawa mapiritsi a ayironi, azaumoyo ayeze magazi poyamba ndi pomaliza. Mukatha yerekezani ndi sukulu ina imene simunapiteko, apo ayi simudziwa ngati kusinthako kwabwera ndi inu kapena ndi nyengo ya zipatso. Muziona anyamata paokha atsikana paokha monga anachitira aku Texas aja, ndipo mufunse aphunzitsi ndi makolo ngati pali mwana amene wayamba kudumpha chakudya kapena kusekedwa chifukwa cha thupi lake chiyambireni kampeniyo, chimenecho chilembedwenso mu lipoti.